Dzina limene madzi adadya theka

Tsamba loyamba la Buku Lopatulika la agogo anga aakazi lili ndi mayina 11, ndipo adalemba ndi anthu anayi. Atatu oyambirira adalemba mphunzitsi wa mpingo ndi inki ya m'botolo, zilembo zopendekera kumanja ngati mapira pamphepo. Otsatira adalemba agogo aamuna atabwerako ku Joni, zilembo zikuluzikulu zokhazokha, cholembera chodinikizidwa mpaka kutulukira kuseri kwa pepala. Kenako pakubwera bolopeni ya amalume, ndipo pansi penipeni pali dzanja langa ndili Sitandade 6. Mu Januwale 2015, madzi atazinga Makhanga, bukuli lidagona masiku angapo m'sutikesi yonyowa. Bolopeni idapirira, koma inki ya m'botolo idasungunuka. Dzina loyamba latsala zilembo zitatu, chaka chake chatsala 19 basi, ndipo pakati pa tsambalo padutsa mzere wofiirira posonyeza pamene madzi adalekezera.

Msuweni wanga, pofuna kupulumutsa zotsalazo, adakatayipitsa mayina onse pakompyuta ku Bangula, nabwera ndi pepala loyera bwino la pulasitiki kunja. Amayi adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati: "Apa zikuoneka ngati tonse tidabadwa tsiku limodzi."

Amayi sadaphunzire za luso la zilembo, koma adaponda pamene akatswiri a typography akhala akulimbana napo kwa zaka zoposa 100. Typography ndi luso loyala zilembo: kusankha mtundu wake, kukula kwake, kunenepa kapena kuwonda kwake, mpata wapakati pa chilembo ndi chinzake, ndi malo amene mawu akhale papepala. Kuyambira pamene Johannes Gutenberg adayamba kusindikiza ndi zilembo zachitsulo ku Mainz cha m'ma 1450, cholinga chachikulu chakhala chakuti zilembo zifanane. Chilembo "a" chilichonse chimachokera m'chikombole chimodzi, ngati njerwa. Ubwino wake ndi woonekeratu: maso amathamanga, munthu amawerenga nyuzipepala osazindikira n'komwe kuti akuona zilembo. Koma kufananako kuli ndi mtengo wake. Kumachotsa dzanja la wolemba, kumachotsa chaka, kumachotsa kutopa kwa cholembera. Pepala la msuweni wanga lidasunga mayina n'kutaya zaka 60 zimene zidali pakati pa dzanja la mphunzitsi uja ndi langa.

Amene amayesa njira zachilendo zoyalira zilembo amachita zosiyana ndi zimenezi. Amafuna kuti muone chilembocho musanachiwerenge, kuti thupi lake likuuzeni kanthu mawu asanalankhule. Mlakatuli wa ku France, Stéphane Mallarmé, adatulutsa ndakatulo mu 1897 imene mawu ake adawamwaza patsamba, ena aakulu ena aang'ono, pakati pake n'kusiya malo oyera aakulu. Malo oyerawo sadali otsala. Adali mbali ya ndakatulo, monga mmene kukhala chete kwa mkulu pabwalo la milandu kumakhalira mbali ya zonena zake. Guillaume Apollinaire, m'buku limene lidatuluka mu 1918, adalemba ndakatulo ya mvula zilembo zake zikutsika m'mizere yopendekera, chimodzichimodzi, ngati madontho. Kuti muiwerenge muyenera kuchedwa, ndipo kuchedwako ndiye nkhani yake. Apa ndi pamene pali chinsinsi choyamba: woyala zilembo amalamulira liwiro la maso anu, ndipo amene walamulira liwiro wagwira nthawi. Zilembo zothinana zimathamangitsa, zotalikirana zimayendetsa pang'onopang'ono, malo opanda kanthu amaimitsa.

Pa anthu amene adalemba nthawi yeniyeniyo, amene amandifika pamtima ndi Roman Opałka wa ku Poland. Mu 1965 adayamba kupenta manambala ndi kabulashi kakang'ono, kuyambira 1, 2, 3, mzere ndi mzere, nsalu ikadzaza n'kupitiriza pa ina. Adachita zimenezi mpaka imfa yake mu 2011, atadutsa 5 miliyoni. Akaviika bulashi mu penti yoyera, manambala oyamba ankawala, otsatira n'kumazilala mpaka aviikenso, kotero kuti nsalu yonse imaoneka ngati ikupuma. Kuyambira 1972 ankawonjezera penti yoyera pang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa 100, ku mtundu wotuwa umene ankapaka pansi pa manambalawo. Chaka ndi chaka nsalu inkayera, mpaka kumapeto ankalemba zoyera pa zoyera. Palibe mawu oti "ukalamba" paliponse, koma woona aliyense amaumva. Mnzake pa maganizo otere adali On Kawara wa ku Japan, amene kuyambira pa 4 Januwale 1966 ankapenta deti la tsikulo ndi zilembo zoyera, m'chilankhulo cha dziko limene wagonako. Chithunzi chikapanda kutha pofika pakati pa usiku ankachiwononga. Zambiri ankaziika m'bokosi pamodzi ndi chidutswa cha nyuzipepala ya tsikulo.

Awiriwa ankalemba nthawi ya munthu mmodzi. Nthawi ya anthu ambiri ndi yovutirapo, ndipo chitsanzo chimene chimatithandiza ife a kuchigwa chili ku Washington, pa khoma lokumbukira asilikali a America amene adafera ku nkhondo ya ku Vietnam. Adalilinganiza ndi Maya Lin ali ndi zaka 21, ndipo lidatsegulidwa mu 1982. Pamwala wakuda wonyezimira pali mayina oposa 58,000. Akadatsata chizolowezi, akadawayala motsata alifabeti ngati kaundula wa kusukulu. Iye adawayala motsata tsiku limene munthu adafa kapena kusowa. Mayina amayambira pakati pomwe makoma awiri akumana, ndi chaka cha 1959, n'kupita mpaka kumapeto kwa khoma lakum'mawa, n'kudzayambiranso kumapeto kwa lakumadzulo kubwerera pakati, pa 1975. Woyamba ndi wotsiriza ali moyandikana. Msilikali wopulumuka akapeza dzina la mnzake, amapezanso onse amene adagwa naye tsiku limodzi.

Pali kanthu kena kakang'ono pakhomapo kamene ndimakaganizira kawirikawiri chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene adasiya mabanja ambiri m'chigawo chakummwera opanda mtembo woti aike. Pambali pa dzina lililonse pali kachizindikiro. Amene imfa yake idatsimikizika ali ndi kadayamondi, amene adasowa ali ndi kamtanda. Mafupa a wosowa akapezeka, amagoba kadayamondi pamwamba pa kamtandako. Kachizindikiro kosakwana chikhadabo kakunyamula kusiyana kwa maliro ndi kudikira, ndipo kadapangidwa moti kangathe kusintha tsiku lina. Ziliza zathu zimadziwa mawu awiri okha, "adabadwa" ndi "adamwalira". Za amene adapita ndi Ruo kapena Shire osaonekanso, za amene adapita ku migodi n'kutchona, tilibe kalembedwe kake.

Ndiye tibwere kwathu, chifukwa kuno kuli zipangizo zimene a ku Ulaya alibe. Choyamba ndi dzina lenilenilo. Kwathu munthu sakhala ndi dzina limodzi moyo wonse. Pali la paubwana limene adapatsidwa atatuluka m'chikuta, mwina lonena za nyengoyo, monga Mavuto wobadwa m'chaka cha njala. Pali lina la kuchinamwali, lina la ubatizo, la mfunda monga Naphiri kapena Nabanda, ndipo akabereka amasanduka amake a uje, dzina limene limakwirira ena onse mpaka adzukulu sadziwa kuti agogo adali ndi dzina lawolawo. Pamapeto pake pakubwera la pachitupa cha unzika, chimene ambiri adalembetsa mu 2017, okalamba ena atachita kuyerekezera chaka chobadwa. Mayinawa ndi mibadwo ya munthu mmodzi. Kuwalemba pamzere umodzi ndi mipatuliro pakati ndi kuwanamizira kuti ndi ofanana. Woyala zilembo angathe kuwasanjikiza: la paubwana laling'ono, lozilala, lili pansi, la ubatizo pamwamba pake m'zilembo zopendekera za kumishoni, la amake a uje lalikulu, lonenepa, likuphimba enawo koma osawafafaniza. Woyang'ana ali patali amaona dzina limene mudzi unkaitana. Akasendera pafupi amapeza mtsikana amene adalipo kale ana asanabadwe. Ndipo njira imeneyi imasunga ulemu, pakuti dzina la paubwana la munthu wamkulu sitilitchula mofuula, ndiye silikuyeneranso kulembedwa mofuula.

Chachiwiri ndi kayalidwe ka mbumba. Mapulogalamu a pakompyuta ojambulira mtundu wa banja amabwera ndi maganizo awoawo: bambo ndi mayi pamwamba, ana pansi, dzina la bambo likutsetsereka mpaka kwa zidzukulu. Kwa Asena ambiri, amene mwana amatsata kwa bambo, zimenezi zimayandikirako. Kwa Amang'anja sizikwana. Mzere umayenda ndi bele la mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume, amene pa chithunzi cha pakompyuta amaponyedwa pambali ngati mlendo. M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje mabanja ambiri ndi osakanikirana, agogo ena Amang'anja ena Asena, ena adawoloka kuchokera ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992. Kuyala mayina a banja lotere ndi kuweruza mlandu: ndani akhale pakati? Ine ndimakonda kuyala ngati mtsinje. Agogo aakazi ndi Shire, mzere wonenepa wa zilembo wotsika patsamba, ndipo obwera kudzakwatira amalowa cham'mbali monga Mwanza ndi Ruo, dzina lawo likuwonda pamene likulowa m'madzi aakulu. Amalume ali m'mbali mwenimweni mwa mzerewo ngati gombe. Banja lachisena lingatembenuze zonsezi. Chofunika n'chakuti banja lisankhe lokha, pulogalamu isasankhire.

Chachitatu ambiri sachiganizira: kalembedwe ka mawu nakonso kali ndi zaka. Buku Lopatulika la 1922 lidalemba "cifukwa" ndi "cipangano", popanda h. Mukaona c woyenda yekha chotero m'kalata yakale, mwadziwa kale sukulu imene wolembayo adaphunzira. Chilembo ŵ, cha kachipewa pamutu, chimene timachiona m'dzina la Malaŵi m'mabuku a nthawi ya Chichewa Board, lero ambiri adachisiya. Chilankhulo chimene adachitcha Chichewa mu 1968 agogo ankachidziwa ngati Chinyanja kapena Chimang'anja. Pepala lonena kuti munthu adabadwira ku Port Herald likunena za Nsanje yemweyu, koma Nsanje wa nthawi ya atsamunda. Ngakhale Chikwawa lero ena akulemba Chikhwawa. Wotayipa wachangu amakonza zonsezi poganiza kuti ndi zolakwika, ndipo pokonzapo amafafaniza deti limene lidabisala m'mawuwo. Langizo langa ndi lakuti m'badwo uliwonse ulembedwe m'kalembedwe kake. Ndipo musanasankhe fonti, kapena kuti mtundu wa zilembo za pakompyuta, yesani kaye kutayipa ŵ ndi ng'. Mafonti ena okongoletsa alibe ŵ, amangoika kabokosi, ndipo ena kachizindikiro ka mu ng' amakapatsa mpata waukulu moti Mang'anja amaduka pawiri.

Nanga agogo amene sadagwirepo cholembera? Agogo anga aakazi buku lija ankalisunga, koma sankaliwerenga. Kulemba kwawo kudali chala choviikidwa mu inki, pokalandira ndalama za thonje kapena povota. Chidindo cha chalacho ndi chilembo chawo, ndipo palibe fonti padziko imene ingachipose. Mukachijambula ndi foni n'kuchikulitsa, mizere yake imaoneka ngati mizere ya m'munda. Chingathe kukhala pamalo pa chilembo choyamba cha dzina lawo, kapena dzina lonse lingalembedwe motsata mizereyo. Kulemba sikudayambe ndi alifabeti ya Chilatini. Aluba a ku Congo ali ndi lukasa, kathabwa kokhomedwa mikanda kamene wodziwa amakawerenga ndi chala pofotokoza mibadwo ya mafumu. Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe, amene adatsegula sukulu ya luso lojambula ya ZIVA ku Harare mu 1999, wakhala akulimbikitsa achinyamata a mu Africa kuti ayambire pa zolemba zamtunduwu. Kuno kwathu Nolence Mwangwego adayamba mu 1979 kupanga zilembo zakezake zolembera zilankhulo za m'Malawi, n'kuzitulutsa poyera mu 2003.

Kompyuta nayo si mdani, ingofunika kuiweta. Mu 1990 Erik van Blokland ndi Just van Rossum a ku Netherlands adatulutsa fonti yotchedwa Beowolf, imene m'mphepete mwa zilembo zake mumasintha nthawi iliyonse posindikiza, moti "a" awiri safanana. Adabwezera m'makina kunjenjemera kwa dzanja kumene Gutenberg adachotsa. Kuyambira 2016 kuli mafonti otha kusintha pang'onopang'ono, kuchoka powonda kufika ponenepa, m'fayilo imodzi. Nyuzipepala ya Helsingin Sanomat ya ku Finland idapangitsa fonti imene kunenepa kwake kumatsata kuchuluka kwa madzi oundana a ku Arctic: ya 1979 ndi yonenepa, ya 2050 yasungunuka mpaka kutsala mafupa. Nzeru yake ndi yosavuta kubwereka. Kunenepa kwa dzina kungaimire zaka zimene munthu adakhala ndi moyo, kuti khanda limene lidangokhala miyezi itatu lioneke ngati ulusi pambali pa agogo a zaka 90. Kapena kuzilala kwa dzina kungaimire chiwerengero cha amoyo amene adamuona munthuyo ndi maso. Chenjezo ndi limodzi: lamulo limene mwasankha likhale loona ndipo mulitsate mpaka pansi. Mukayamba kunenepetsa dzina chifukwa mwini wake adali ndi ng'ombe zambiri, mwasiya kulemba nthawi, mwayamba ndale za pabanja.

Pali chinyengo china chimene ndimadana nacho. Pafoni pali zosefera zimene zimapangitsa pepala latsopano kuoneka lakale, lofiirira, long'ambika m'mbali. Zimenezo ndi imvi zopenta. Mzere wa madzi wa m'buku la agogo uli ndi tanthauzo chifukwa madziwo adafikadi pamenepo, monga mizere imene imatsala pamakoma a nyumba ndi masukulu a ku East Bank, wa 2015, wa namondwe Idai mu 2019, wa namondwe Ana mu 2022, wa Freddy pamwamba kapena pansi pake malinga ndi mudzi. Khoma lotero ndi kalendala kale. Mwini nyumba atalemba chaka pa mzere uliwonse, ndi mayina a ana obadwa pakati pa chigumula china ndi chinzake, angakhale atachita typography yoposa ya m'mabuku ambiri, chifukwa kutalika kwa dzina kuchoka pansi kukunena zoona.

Sikuti nthawi zonse mayina ayende motsata zaka. Kukumbukira sikuyenda choncho. Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba ndipo adamwalira mu 1996, ankapanga chithunzi cha munthu popanda nkhope: mzere wa mawu ndi zaka wopentedwa m'mwamba mwa khoma kuzungulira chipinda, zochitika za m'banja zitasakanikirana ndi za dziko, zaka zikudumphadumpha. Mwini chithunzi ankaloledwa kuwonjezera kapena kuchotsa mawu. Ndi mmene azakhali amasimbira pamaliro usiku: njala ya 1949, kenaka ukwati wa chaka chatha, kenaka sitima ikadafika ku Makhanga, kenaka mbuzi imene idagwidwa ndi ng'ona. Chimene chikulumikiza si kalendala koma fungo, malo, kapena munthu.

Tsono malire ake ali pati? David Carson, amene ankayala magazini ya Ray Gun ku America, mu 1994 adasindikiza nkhani yonse m'fonti ya tizizindikiro totchedwa Zapf Dingbats, yosawerengeka n'komwe, chifukwa nkhaniyo idamutopetsa. Pa magazini ya nyimbo zimenezo ndi nthabwala yabwino. Pa chiliza cha amayi a munthu ndi chipongwe. Muyeso wanga ndi wakuti mwana wa Sitandade 4 athe kuwerengera agogo ake mokweza, agogowo n'kuvomera kuti ndi yemweyo. Dzina limodzi, limene anthu ankaitana, liwerengeke pa mtunda wa mapazi khumi. Zina zonse zingabisale, zizilale, zisanjikizane. Ndipo kumbukirani dzuwa la kuno. Penti yopaka pasimenti imakanuka pakangopita zilimwe zochepa za ku Ngabu, inki ya fotokope imamatirira ku pulasitiki, foni imagwera m'madzi. Chokhalitsa ndi chogoba, kaya pamwala kaya pasimenti yaiwisi ndi msomali, monga amachitira amisiri a m'midzi. Olemba zikwangwani za magolosale ndi ngolo pa Nchalo kapena pa Dyeratu amadziwa kale kutambasula chilembo kuti chidzaze thabwa ndi kuchipatsa mthunzi. Ndi anthu oyamba kukambirana nawo, ndipo ambiri amakondwa akapatsidwa ntchito yosakhala "Ngongole Mawa".

Ife tidachita chonchi pomanga chiliza cha agogo chaka chathachi. Tidajambula tsamba lija ndi foni, tidakulitsa, ndipo mmisiri adatsata dzanja lililonse monga lidalili: zopendekera za mphunzitsi, zikuluzikulu za ku Joni, bolopeni ya amalume. Dzina la amake a uje lili pamwamba, lakuya, ndipo chala chawo chili pambali pake. Pa chaka chobadwa adagoba 19, n'kuima, n'kufunsa ngati aikepo manambala a pachitupa. Amalume adakana, ati chaka cha pachitupa adachita kuganizira ndi kalaliki. Kuli azakhali ena tsidya la Shire, cha ku Morrumbala, amene adavinidwa pamodzi ndi agogo, ndipo mwina akudziwa kuti chidali chaka chiti. Mmisiri adayeza mpata wa manambala awiri, adausalaza bwino, nausiya.